Fanny Amene Anachapa Nkhosa ku Doha

Dzuwa linali lisanafike pamutu, koma Fanny anali atagwada kale pasimenti yotentha kuseri kwa nyumba ya abwana ake ku Fereej Al Murra, manja ali kunkhongo. Patsogolo pake panali beseni. Chimene chinali m'besenimo sichinalinso ubweya wa nkhosa. Chinali chitagwirana gwa, ngati chikopa cha mbuzi yofa yokha.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi mutu uli pansi chifukwa cha chimene munalakwitsa dzulo, tasenderani pafupi mumve.

Fanny ndi mtsikana wa ku Utale, ku Balaka. Folomu 4 analephera kawiri. Atapeza mwayi wa ntchito ya m'nyumba ku Qatar, mpingo wonse unamuperekeza kudepoti ndi nyimbo, ndipo mayi ake anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti mwana wawo wakwera ndege. Anafika ku Doha mu Januwale 2020.

Pakhomopo panali Madam, mwini nyumba, ndi apongozi awo okalamba amene aliyense ankawaitana kuti Hajiya. Hajiya anakulira m'chipululu. Ankawomba sadu, nsalu yochindikala ya mizere yofiira ndi yakuda imene makolo a kuno ankakongoletsera mahema. Ulusi ankapota okha ndi kamtengo, pang'onopang'ono, chifukwa zala zinali zitatupa ndi nyamakazi. Wa m'sitolo ankaukana. Ankati ndi ulusi wopanda msana.

Mu Epulo mchimwene wawo wa Hajiya anatumiza thumba la ubweya wa nkhosa zake. Unali ndi mafuta, minga, ndi fungo la khola. Madam anatseka mphuno n'kuloza thumbalo.

"Fanny, yalla, fulumira, chapa ichi."

Tsono mtsikana wa ku Utale ukamuuza kuti chapa, amachapa. Anawiritsa madzi. Anathira sopo wa ufa wosaumira. Anafikisa ndi manja onse awiri, anaponda ndi mapazi, anatsukuluza m'madzi ozizira, n'kubwerezanso, monga amachitira ndi bulangete la mwana wokodza pogona. Sanadziwe kuti ubweya umangoviikidwa, osautakasa, ndipo ukaufikisa m'madzi otentha umalumana osamasukanso. Palibe anamuuza. Iyenso sanafunse, poopa kuoneka wotsalira. Safunsa anadya phula, inde, koma kodi amene sanamuuze uja anadya chiyani?

Hajiya anatuluka ndi ndodo yawo. Anagwira chikopa chija, anachitembenuza, n'kubwerera m'nyumba osanena kanthu. Kukanakhala bwino akanatukwana.

Madam ndiye analankhula. "Khalas, zatha basi. Ndege yoyamba yopita kwanu, iwe uli momwemo."

Koma ndege kunalibe. Chifukwa cha korona, Malawi anali atatseka mabwalo ake a ndege. Fanny anayenera kukhala pakhomo pomwepo, kusesa zipinda zomwezo, kupereka tiyi kwa munthu amene sankamuyang'ananso kumaso, kudikira tsiku lothamangitsidwa limene palibe ankalidziwa.

Apa ndi pamene ine ndikulowa m'nkhaniyi, ndipo ndikulowa chogwada. Dalaivala wa pakhomopo anali Mmalawi mnzathu, Dauda wa ku Ntaja. Dauda anajambula beseni lija n'kuponya pa gulupu ya WhatsApp ya Amalawi a ku Doha, atalemba kuti, "Asisi athu achapa nkhosa yonse, yatsala n'kuyanika." Ine ndine mlonda ku Msheireb, m'katikati mwa Doha. Ndinaseka mpaka misozi. Ndine amene ndinayamba kumutcha Anachapankhosa, ndipo dzinalo linamata. Ife amene timadandaula tsiku lililonse kuti azungu ndi Aluya amationa ngati opanda nzeru, mnzathu atagwa tinathamangira kukamuponda ndife. Fanny anawerenga zonse. Anatuluka pa gulupu mwakachetechete.

Mu Meyi, mchimwene wawo wa Hajiya uja anamwalira ndi korona kuchipatala. Maliro anapita anthu owerengeka. Nkhosa zake zinagulitsidwa. Ndiye kuti thumba limene Fanny anawononga linali chinthu chomaliza chimene munthuyo anatumizira mlongo wake.

Lamlungu lililonse mayi ake ankaimba foni. "Ntchito ikuyenda, mwanangu? Kuno anthu akungofunsa za iwe."

"Ikuyenda bwino, amayi."

Akadula foni, Fanny ankaluma pilo.

Chikopa chija anauzidwa kuti akataye. Sanataye. Anakachibisa m'chipinda chosungiramo katundu, kuseri kwa masutikesi. Ndi komweko kumene anaona kabokosi ka fumbi, m'kati mwake muli makina opotera ulusi. Anali aang'ono ngati makina osokera a pamanja, oyendera magetsi, okhala ndi kabowo kolowetsera ubweya kutsogolo ndi kachubu kokulungira ulusi m'kati. Madam anawagulira Hajiya chaka chapitacho pofuna kupumitsa zala zawo. Hajiya anayesa kamodzi, ulusi unatuluka wofewa, unaduka atangoukunga pa chowombera, ndipo anati ndi chidole cha ana.

Masana a kuno, kutentha kukafika pachimake, nyumba yonse imagona. Maola awiri amenewo anali a Fanny opumula. Iye anayamba kuwathera m'chipinda chija, mopanda mpweya wozizira, chitseko chotseka.

Anayamba ndi kung'amba chikopacho. Kunja kunali kolimba, koma m'kati munali malo amene ubweya sunalumane kwenikweni. Ankautosa ndi singano, kuuzula ndi zikhadabo, kenako kuupesa ndi chipeso cha tsitsi lake. Pa tsiku ankapulumutsa wodzaza dzanja limodzi. Mano a chipeso anatha, anagula china kudzera mwa wogulitsa madzi.

Makina anawaphunzira pa foni, kuonera azimayi a mayiko a kutali akupota, chilankhulo osachimva, maso ali pa zala zawo basi. Sabata yoyamba makina ankangomulanda ubweya m'manja. Yachiwiri ulusi unatuluka wa mapindi ngati njoka yomeza achule. Juni yense anathera pamenepo. Mu Julaye ulusi unayamba kusalala, koma akaukoka unali kuduka. Anamvetsa chimene Hajiya ananyozera makinawo, ndipo tsiku limenelo analira.

Chimene chinamupulumutsa sichinachokere pa foni. Chinachokera kumunda kwa bambo ake.

Ku Utale, akafuna chingwe chomangira mbuzi, sapita kusitolo. Amapala khonje, n'kupota pantchafu. Mwana aliyense wa kumeneko amadziwa kuti umapota timizere tiwiri kulowera mbali imodzi, kenako n'kutiphatikiza mobwerera, kuti kalikonse kakafuna kumasuka kazimanga kanzake. Fanny anakumbukira ntchafu yake yothothoka cheya ali mwana. Anayang'ana makina aja bwinobwino. Pambali panali kabatani kotembenuza mayendedwe.

Anapota ulusi woyamba wolimba kwambiri mpaka kumadzipinda wokha. Anapota wachiwiri chimodzimodzi. Anadina kabatani, n'kuwalowetsa pamodzi mobwerera. Anakulunga m'manja, anakoka ndi mphamvu zonse. Ulusi unamucheka chala. Sunaduke.

Ndikafika apa mkwiyo umandibwerera. Fanny anakulira m'munda wa thonje. Anathyola thonje kuyambira ali Sitandade 2, anasenza mabelo kupita nawo kumsika, minga inamulasa zala chaka ndi chaka. Koma anafika zaka makumi awiri ndi zinayi asanaonepo ulusi ukubadwa. Timalima thonje, ena n'kutenga, ife n'kumakanganirana kaunjika pamsika. Kusukulu anamuphunzitsa mitsinje ya ku Ulaya n'kumulemba kuti walephera. Nzeru ya chingwe cha mbuzi palibe anamufunsa pa mayeso.

Mu Seputembala ndege zopita ku Malawi zinayambanso. Madam anamuitana pabalaza.

"Unyamuka Lachisanu likubwerali. Dauda akakusiya ku airport. Longedza."

Fanny anakalongedza ndithu. Kenako anatulutsa mipira itatu ya ulusi, iliyonse kukula ngati papaya, imene anaipota m'miyezi inayi. Anaima nayo pakhomo la chipinda chake nthawi yaitali. Kuionetsa kunali kuvomera kuti sanataye chimene anauzidwa kutaya, ndiponso kuti wakhala akugwira makina a eni ake mobisa. Mlandu umodzi ukanasanduka itatu. Koma ulusiwo sunali wake.

Hajiya anali pakhonde la m'kati. Fanny anagwada monga amagwadira kwawo, n'kuika mipirayo pamapazi awo.

"Mama, ndinalakwa. Ubweya wa achimwene anu ndi uwu. Umene ndinatha kupulumutsa."

Madam anafika msanga. "Wautenga kuti? Wagwira makina anga? Ndani anakuloleza?"

"Palibe, Madam."

Hajiya anakweza dzanja kuletsa mpongozi wawo. Ananunkhiza mpira umodzi. Anamasula ulusi wotalika mkono, anauyang'ana padzuwa, anauluma. Kenako anaitanitsa Dauda amene ankapukuta galimoto panja, n'kumupatsa nsonga imodzi.

"Koka."

Dauda anakoka mwaulemu.

"Ndati koka! Sunadye?"

Dauda anakoka mpaka nkhope kukwinyika. Anasiya yekha, akuyamwa chala.

Hajiya anaika mpirawo pachifuwa. Anatchula dzina la mchimwene wawo kamodzi, motsitsa. Kenako anayang'ana Fanny kumaso, koyamba chichokere Epulo.

"Ndani anakuphunzitsa kubweza ulusi chonchi?"

"Mbuzi za bambo anga, Mama. Zinkadula zingwe."

Gogoyo anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. Atapuma anatembenukira kwa mpongozi wawo. "Tikiti imeneyo ukwere ndiwe."

Mukuganiza kuti nkhani yathera apa? Ayi. Mawa lake Madam anabwera ndi dongosolo latsopano: Fanny azisesa, azichapa, aziphika monga kale, masana azipota. Ntchito ziwiri, munthu mmodzi, mpumulo palibe.

Miyezi ingapo m'mbuyomo Fanny akanangoti zikomo. Koma mwezi womwewo boma la Qatar linali litasintha malamulo: wantchito atha kusintha ntchito popanda kupempha kalata ya chilolezo kwa abwana, bola apereke notisi. Ambiri a ife tinkangomva pa foni, kuyesa tinkaopa. Koma Fanny ananena.

"Madam, ndikuthokoza. Koma ndikupereka notisi. Ndikufuna ntchito ya ulusi."

Madam sanamulankhule sabata ziwiri. Mapepala osinthira ntchito anavuta, anabwezedwa kawiri, ndipo panali masiku amene ankaona ngati tikiti ija ibweranso. Amene anamutsegulira khomo ndi Hajiya. Anatumiza kachidutswa ka ulusi uja kwa mnzawo amene amayang'anira kagulu ka azimayi owomba sadu, ambiri a iwo okalamba, manja otopa, osowa wowapotera ulusi wa msana. Mayiyo anangofunsa funso limodzi: "Angayambe liti?"

Usiku woti achoka mawa sanagone, koma zimenezo ndi zake. Chimene anandiuza n'chakuti m'mawa mwake anaimbira mayi ake n'kuwaululira zonse, kuyambira beseni mpaka tikiti. Mayi anati, "Ndiye miyezi yonseyi unkalira wekha? Iwe mwana, ukanandiuza tikanalirira limodzi."

Ine ndinakumana naye chaka chotsatira. Kunali chionetsero cha ntchito za manja ku Msheireb, ine ndili pakhomo ndi yunifolomu yanga, kuyang'ana mafoni a anthu ngati akuonetsa chizindikiro chobiriwira choti alibe korona. M'kati ndinaona mtsikana wakuda ngati ine, atakhala pa makina, alendo atamuzungulira, ulusi ukutuluka m'zala zake ngati madzi. Pakhoma kumbuyo kwake panali nsalu ya sadu imene Hajiya anawomba ndi mipira itatu ija. Pansi pa mapazi ake panali kachikopa koyera, kong'ambikang'ambika.

Ndinadziwa kuti ndi ndani. Ndinazungulira kanayi ndisanalimbe mtima.

"Achemwali, ine ndi amene ndinayambitsa dzina lija pa gulupu. Mundikhululukire."

Sanaimitse makina. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"Ndinu inu? Ndimayesa ndi munthu wamkulu thupi." Kenako analoza pansi ndi chibwano. "Nkhosa yanu ndi iyi, achimwene. Ndimapondapo tsiku lililonse kuti ndisaiwale. Dzina musasinthe, ndalizolowera. Koma mtsikana wina akadzafika mawa n'kulakwitsa, mudzamuimbire foni musanamujambule."

Ndinabwerera pakhomo panga nkhope ikuyaka.

Lero ku Utale, pakhonde la mayi ake, pali makina opotera opalasa ndi phazi, chifukwa magetsi kulibe. Fanny anawatumiza. Amaphunzitsa mayi akewo pa vidiyo Lamlungu lililonse, ndipo chaka chino mayiwo anasunga thumba limodzi la thonje osagulitsa. Ulusi wawo udakali wa mapindi. Fanny akuti nayenso anayamba choncho.

Tsono iwe m'bale wanga, kaya uli mu kampu ya alonda, kaya m'khitchini ya eni ake, kaya kumudzi ndi satifiketi yolembedwa kuti walephera: chimene unawononga usathamangire kukataya. Chitsegule, m'kati mwina mudakali pofewa. Ndipo iwe amene chala chili pa foni kufuna kuseka mnzako, ndafika kale kumene ukupitako, kulibe chabwino. Manyazi amawotcha, koma sapha. Tola chipeso chako, uyambe ndi dzanja limodzi. Osataya mtima.