Maginito a Bambo Atasweka Pakati

Linali Loweruka la mwezi wa Juni, cha m'ma 10 koloko m'mawa, pamene maginito a bambo anandipulumuka pamjigo. Ndinkawerama kuti ndisenze ndowa, iwo n'kutsetsereka m'thumba la diresi mpaka pasimenti. Sanalire kwambiri. Anangosweka ngati mbale yadothi, n'kukhala zidutswa ziwiri. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Maginitowo anali akuda, ozungulira, obooka pakati, ochokera m'sipika ya wailesi yakufa. Bambo ankawamangirira ku chingwe n'kumawakoka mumchenga pamalo pamene ankakonzera zida zawo zausodzi, ndipo mbedza zotayika zinkadumpha zokha n'kukakamira. Maginitowo ankatolanso mchenga wakuda uja wa kugombe kwathu, womwe unkaima njo ngati ndevu. Ine ndinkakonda kuupulula ndi chala, chifukwa unali wofewa ndiponso wozizira.

Mu Epulo bambo anapita ku chilumba cha Mbenji kukapha utaka. Kumeneko akazi safikako, ndipo asodzi amatha miyezi osabwera kumudzi. Tsiku lonyamuka anadumpha mkulu wanga Esinati, yemwe anali mu Fomu 1, n'kuika maginitowo m'manja mwanga. "Usunge bwino, Felesiya. Amenewa ndi amene adzandikokere kunyumba." Ankanena akuseka, koma ine ndinamva mawu okhawo.

Nditatula ndowa tsiku lija ndinathamangira kuseri kwa bafa kukalumikiza zidutswazo. Ndinaganiza kuti n'zosavuta, poti chinthu chokoka misomali sichingalephere kukoka chinzake. Koma ndikamayandikizitsa mosweka muja, zidutswazo zinkakana. Pakati pake panalibe kanthu kooneka, komabe zala zanga zinkamva ngati pali mpira wofewa umene ukuzitembenuzira kumbali. Ndinapanikiza mpaka zala zinachita dzanzi. Ndikangomasula, chimodzi chinkadumphira m'fumbi.

Pamenepo ndinadziwa chimene ndachita. Chinthu chokoka chinali chitasanduka chokankha, ndipo amene chinkamukankhira kutali anali bambo.

Chaka chimenecho mwera unawomba kwambiri. M'mawa tinkadzuka mapazi atang'ambika, milomo itauma, mchenga uli m'mphasa ndi m'mano momwe. Nyanja inkasanduka yotuwa, ndipo phokoso lake linkafika mpaka kudimba kwathu. Pa matandala oyanikapo nsomba panalibe kanthu, pankangotsala fungo la usipa wakale ndi ntchentche zochepa. Ndinabisa chidutswa chimodzi mu udzu wa denga la khitchini, china ndinachikwirira patsinde pa mtengo wa mango, kuti zisaonane n'kumakankhana. Komabe masana alionse ndinkazitulutsa n'kuyesanso, mwina zakhululuka. Sizinasinthe.

Boti lobweretsa utaka wouma kuchokera ku Mbenji linkatibweretseranso moni wa bambo. Kenako linatha masabata awiri osaoneka. Akuluakulu ankati ndi mphepo basi, palibe wopenga amene angaoloke nyengo yotere. Ine ndinkangoyang'ana pansi. Chakudya chinasiya kulowa. Amayi anaganiza kuti ndi malungo, anandiwiritsira masamba a nimu, ndipo ndinamwa osadandaula, poti ndinkaona kuti kuwawako n'kondiyenera.

Esinati ndiye anandipeza. Anabwera kuseri kwa bafa kudzayanika yunifolomu yake, n'kundiona nditagwada, chidutswa kudzanja ili, china kudzanja ili. Ndinamuuza zonse, ndi za bambo zomwe. Ndinkayembekezera kuti aseka kapena akanena kwa amayi. Iye anapukuta manja pa chitenje n'kukhala pansi m'fumbi momwemo.

"Bweretsa kuno, chitsiru iwe. Tembenuza chimodzichi, chigone chagada."

Ndinatembenuza. Zidutswazo zinathamangirana n'kugundana, mpaka zinanditsina khungu la chala. Sizinalumikizane bwino ngati kale, mano ake sanagwirizane, koma zinagwirana zolimba.

Anandifotokozera zimene anaphunzira kusukulu. Anati maginito alionse ali ndi mbali ziwiri, ina amaitcha ya kumpoto, ina ya kummwera. Mbali zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana, ndipo ngakhale uwaswe kakhumi, kachidutswa kalikonse kamakhala ndi mbali zonse ziwiri. Anang'amba pepala pakati pa kope lake, chinthu chimene sankalola munthu kuchita, n'kuliika pamwamba pa chidutswa chimodzi. Anawazapo mchenga wakuda n'kugogoda pang'ono ndi chikhadabo. Mchengawo unayenda wokha n'kupanga mizere yopindika. Anati mphamvu imene zala zanga zinkamva ndi imeneyo, ndipo kenako anasuntha msomali pang'onopang'ono kuchoka papepalapo mpaka unasiya kugwedezeka.

"Waona pamene yathera? Ngakhale pakhomo la khitchini siyifika. Ndiye ku Mbenji ikafika bwanji?"

Madzulo amenewo ndinadya mbatata zitatu, amayi n'kumayamikira nimu.

Bambo anabwera mu Ogasiti, mwera utagona, atada ndi dzuwa, zovala zikununkha utsi ndi nsomba. Ndinawapatsa zidutswazo. Anazitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti tsopano ali ndi maginito awiri, amodzi a pakhomo, ena a m'boti. Zoti anandiuza mawu aja anali ataiwala.

Sukulu ine ndinalekera Sitandade 5, ndipo za sayansi zimene ndikudziwa n'zomwe ndinaphunzira kuseri kwa bafa tsiku limenelo. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti munthu amabwerera kapena kutayika malinga ndi mmene wasungira chimene anakusiyira. Nyengo yonse ija ndinkaopera bambo, amene anali pamadzi. Sindinaganizepo zoopera Esinati, amene ankagona nane mphasa imodzi.

Bambo alipo mpaka lero, akalamba, maso achita khungu. Esinati anamwalira chaka chatha, pamtunda, atadwala miyezi inayi. Ndinamusamala mmene ndikanathera, sindinagwetse kanthu, koma anapitabe. Masiku ena ndimalakalaka atabwera kudzakhala pansi pafupi nane, anditchule chitsiru, andionetse pamene mphamvu yanga inathera.

Tsopano ndikulera ana ake awiri. M'mawa ndimawaperekeza mpaka pamsewu wa kusukulu, kenako ndimabwerera kudzawatulutsa bambo kuti aothere dzuwa.