Denga la Walusungu

Amuna anga a Elias akhala akukhoma madenga ku Mhuju kuno kuyambira tisanakwatirane. Ndi munthu wouma pakamwa, kuyamikira mnzake amaona ngati wataya ng'ombe. Ine ndawaphikira moyo wanga wonse, koma zoti ndiwo zakoma ndimamvera kwa alendo.

Maso awo atachita ng'ala, kukwera pamwamba kunakanika. Anyamata athu anali atathawira kale ku Mzuzu, ndiye nyundo inatsalira mwana wathu wamkazi, Walusungu, amene ankawapatsira misomali kuyambira ali wamng'ono. Mpingo wina ku Nchenachena unkafuna wokhoma denga la nyumba ya abusa, ndipo akuluakulu ake anati ntchitoyo ampatsa mtsikanayo pokhapokha bambo ake atamuvomereza. A Elias anangoti, "Ayambe wakhoma lathu lino. Mvula ndiyo idzayankhe."

Walusungu analikhomadi yekha mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Mvula yoyamba inabwera madzulo ena tisanadye. Magetsi anathima, wailesi inangoti zii, ndipo mphepo inatsika m'mapiri ngati lole yopanda mabuleki. Ndinadzuka kuti ndiyatse kandulo.

"Lekani, amama," anandiletsa a Elias. "Kuwala kumasokoneza khutu."

Tinakhala mumdima atatu. Sindibisa, mvula pa malata atsopano imakoma. Inayamba ngati wina akuwaza chimanga pamwamba, kenako kunangoti waaa, mabingu akugunda cha ku Nyika, madzi akukhuthukira m'migolo panja. Koma mwana wanga sankamva kukoma kulikonse. Mphezi ikang'anima ndinkamuona ataima pakona, dzanja lili pakamwa.

A Elias anadzuka nayamba kuyenda chipinda ndi chipinda, akupapasa khoma. Paliponse ankaima n'kupendeketsa mutu. Lata lomasuka lili ndi kulira kwake, msomali wophonya phaso nawonso suchedwa kudziulula, ndipo iwo amazidziwa zonsezi ngati mawu a ana awo. Mphepo inakankha mwaukali mpaka ndinamva lata la kwa aneba likuuluka n'kukagwera m'munda. Lathu silinagwedezeke.

Anabwerera pabalaza mvula ikadali pakati. Ndinkangoyembekeza kuti atulutsa kachifukwa, poti munthuyu sasowa. Koma anapapasa mpando wawo wandalema, umene ngakhale alamu awo saukhalira, naukokera kwa mwanayo.

"Amisiri, khalani apa," anatero. "Mvula iyi muimvere bwino, ikuimba makora chomene, mokoma zedi. Mawa mulawirire ku Nchenachena."

Walusungu anakhala pampandopo, nangothokoza kuti, "Yewo, adada." Ine kunyada kunandikwana. Ndinaimba nthungululu mumdima momwemo, mabingu akundithandiza.