Tirigu wa M'chipululu

Fumbi lofiira la ku Kasarani, kudziko la eni kumene tinkakhala, ndimalimvabe m'mano ndikakumbukira chaka chimenecho. Mitambo ya mwezi wa Malichi inkangosonkhana n'kubalalikanso osagwetsa kadontho. Mpopi wa pakhomo pathu unkangotsokomola mpweya. Amayi ankalawirira kukaima pamzere ku golosale ya pa msewu wa Thika, n'kubwerako chimanjamanja ndi mawu a mwini sitolo: "Hakuna unga," kutanthauza kuti ufa kulibe. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kuseri kwa khitchini ndinali ndi kadimba kanga, mapesi khumi a chimanga chamakolo chimene azakhali anga anatitumizira kuchokera ku Nsanje.

Bambo kunalibe. Anali katswiri wa ulimi wothirira pa bungwe lina la mayiko ambiri, ndipo kwa zaka zingapo ankapitapita ku dziko lina la m'chipululu, kwa Aluya. Ulendo woyamba anabwerako ndi chithunzi cha mchenga wokhawokha. Ulendo wotsatira, pakati pa mchengawo panali bwalo limodzi lobiriwira, lothiriridwa ndi madzi opopa pansi penipeni. Pofika chaka cha chilalacho mabwalowo anali atadzaza chithunzi chonse, ndipo anthu amene kale ankagula chakudya kunja anali atamanga nkhokwe zachitsulo zazitali kuposa tchalitchi chathu.

Anafika Loweruka masana, masamba a chimanga changa atapiringizika, akuchita khwakhwa ukawakhudza. Sabata yomweyo kalata ya azakhali inali itafika: ankadya nyika, mizu yokumba m'dambo, ndipo mwana wawo womaliza, Tadala, anali atatupa miyendo. Bambo anatulutsa kathumba ka tirigu m'chikwama n'kundikhuthulira m'manja, akumwetulira. Njere zake zinali zonenepa, zosalala.

"Taona mwanangu, uyu wamera pamchenga."

Ndinamwaza tiriguyo pansi n'kumupondaponda ndi patapata.

"Anthu a eni mukuwadyetsa! Nanga azakhali? Nanga Tadala?"

Amayi ananyamuka kuti andikwapule, koma bambo anawagwira mkono. Sanandikalipire. Anagwada pa simenti ndi thalauza lawo la ku ofesi n'kuyamba kutola njerezo imodziimodzi. Kufatsa kumeneko kunandipsetsa mtima koposa. Kwa milungu iwiri sindinawapatse moni m'mawa, ndipo madzi osamba m'manja ndinkawapatsira nditayang'ana kukhoma. Mapesi anga atauma ndinawazula ndekha n'kukawaunjika pakhomo la chipinda chawo kuti awaponde potuluka.

Tadala anamwalira matumba a ufa amene bambo anatumiza ali m'njira. Uthengawo utafika, ndinawauza bambo m'maso muli gwa kuti amupha ndi iwo. Amayi analira. Bambo anangotenga chipewa n'kutuluka, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso mpaka imfa yawo.

Patapita zaka, titawaika bambo m'manda, ndinapeza m'sutikesi yawo mulu wa makalata amene ankalembera akuluakulu a bungwe lija. Ankapempha mapampu ochepa chabe a alimi a m'chigwa cha Shire, kumene mtsinje umadutsa pamphuno pa minda yofota. Mayankho onse ankanena chimodzimodzi: nthawi yake sinakwane.

Ndili mwana ndinkati bambo anasankha alendo n'kutaya abale. Lero ndikudziwa kuti osankha anali ena. Mkwiyo wanga sunathe ayi, koma ndimachita manyazi kuti ndinautula wonse pa munthu yekhayo amene anayesapo kupempha.