Mtengo wa Felemu ya Buluu

Maganizo opita ku Joni anandibwerera tsiku limene ndinakhala pansi pa mtengo wa m'bawa pa Mitundu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osagwirako ngakhale sipoko imodzi. Ntchito yanga inali yokonza njinga zakapalasa. Ndinaigwira zaka khumi ndi chimodzi, ndipo akabaza onse a pamsikapo ankadziwa kuti Zakeyo akawotcherera felemu, siithyokanso pomwepo. Koma njinga zamoto zitachuluka, anyamata aja anayamba kugulitsa zakapalasa mmodzimmodzi, ine n'kutsala ndi masipanala ndi pampu. Nditafika kunyumba ndinauza mkazi wanga Esinati.

"Mayi a Tadala, ine ndikupita. Ndayankhula ndi a Gelesomu, akuti pogona palipo."

Sanandiletse. Anangofunsa kuti ndikabwera liti, ine n'kunena kuti pakatha chaka. Ndinakhalako zaka zinayi.

A Gelesomu anali a m'mudzi woyandikana ndi wathu, akuluakulu kwa ine ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndiwo anandichingamira ku Germiston n'kupita nane ku Dukathole, kumene ankakhala mu mkhukhu, kanyumba ka malata okhaokha. Anandipatsa bulangete ndi malo pansi pafupi ndi chitseko. Anandiphunzitsa moni wa Chizulu, anandiphunzitsanso kutseka pakamwa mu takisi kuti lilime lisandiulule. Ndinkawaitana kuti achimwene, iwo ankati mphwanga.

Ntchito yawo inali yokoka ngolo. Tsiku lotaya zinyalala ankalawirira ku mayadi a ku Boksburg ndi ku Benoni kukatola zitsulo, mabotolo ndi makatoni, n'kukagulitsa pa sikelo. Ine ndinayenda nawo miyezi itatu ndisanapeze maganyu osamalira maluwa. Pa Sabata panalibe kopita. Ndinkagona chagada n'kumamvetsera mobwerezabwereza uthenga wa mawu umene mwana wanga Tadala anajambula pa foni ya mayi ake, mpaka batire kutha. Mauthenga ena onse ochokera kumudzi ankayamba ndi moni n'kuthera pa feteleza.

Tsiku lina a Gelesomu anabwera ndi felemu ya njinga yampikisano pamwamba pa ngolo, yadzimbiri, yopanda mateyala. Chitsulo chotere pa sikelo sichinkakwana ndi marandi khumi omwe, chifukwa n'chopepuka. Ndinawapempha, anandipatsa ulere. Ndinaisakira mawilo, tcheni ndi chishalo kuti ndiziyendera ku ganyu. Patatha sabata ziwiri mzungu amene ndinkamutchetchera kapinga anaiona, anaizungulira kawiri, anagogoda paipi yake ndi chikhadabo n'kutchera khutu. Kenako anandifunsa ngati ndingalole marandi 1,500. Sindinayankhe msanga chifukwa ndinkayesa kuti sindinamve bwino, iye n'kuwonjezera 300.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuphunzira. Kunali anthu ofuna mafelemu akale achitsulo kuti akawapente n'kumangiranso zipangizo zatsopano, ndipo ankawasaka pa foni. Lero lomwe mutandipatsa felemu ndikhoza kukuuzani mtengo wake. Mumayamba mwaigogoda: yabwino imalira ngati belu chifukwa mapaipi ake ndi opyapyala, yachabe imangoti phu. Mumasisita ndi chala kunsi kwa paipi, chakukhosi kwa njinga. Mukamva kamzere kotukuka, dziwani kuti inaombapo kanthu ndipo mtengo watsika ndi theka. Mumaigwedeza kuti mumve ngati dzimbiri likuwayawaya m'kati. Mumakoka ulusi kuchokera kumbuyo, kuzunguliza kukhosi n'kubwerera, kuti muone ngati ili yowongoka. Ikakhala ndi foloko yake yobadwa nayo, mtengo umakwera. Yawamba yosalemala inkayenda marandi 500 kapena 700. Yabwino inkafika 2,500. Ndipo ochita malondawa mwachilungamo ankadziwa kuti wotola felemuyo ayenera kulandira pafupifupi theka, pakuti popanda iye chitsulocho chikanapita ku ng'anjo.

Ine ndinkadziwa zimenezi. A Gelesomu ndinkawapatsa marandi 50.

Ankalandira ndi manja awiri. "Mphwanga, ukuononga ndalama," ankatero. "Pa sikelo sangandipatse chonchi." Ndinkawauza kuti ndimagulitsa 150 kwa anyamata a ku Katlehong. Anauzanso anzawo a ngolo kuti asamaponye mafelemu pa sikelo, azibwera nawo kwa mphwawo wa mtima wabwino. Chaka chachiwiri ndinachita lendi mkhukhu wangawanga moyandikana ndi wawo, n'kukhoma misomali yopachikapo mafelemu. Kumudzi nyumba yanga inafoleredwa ndi malata. Yawo inali idakali yaudzu. Ndinkadziuza kuti nzeru ndi zanga, foni ndi yanga, ndipo palibe amene ndamulanda. Anthu amati ukaipa dziwa nyimbo, ine nyimbo yanga inali imeneyo.

Kenako anabwera ndi ya buluu. Anaitola pa geti la nyumba ina imene mwini wake anali atamwalira, ana ake n'kutaya zonse za m'galaja. Inali ya ku Italy, penti yake yoyambirira isanasupuke, foloko yake yonyezimira ngati supuni yatsopano. Nditaigogoda inalira ngati belu. Ndinawapatsa marandi 150, iwo n'kuseka mpaka kuonetsa usinini. Ndinaitsamiritsa pa chitseko chawo chifukwa ndi pamene pankawala bwino dzuwa, ndinaijambula, n'kuika chithunzicho pa intaneti ndi mtengo: 7,000. Inapita pasanathe masiku atatu, wogulayo osanenerera n'komwe.

Amene anawaonetsa chithunzicho ndi mnzawo wa ngolo, Msotho, amene anachipeza pa foni ya mwana wake. A Gelesomu kuwerenga Chingerezi sankatha, koma manambala ankawadziwa, ndiponso chitseko chawo ankachidziwa.

Linali tsiku la Sabata, chakumasana. Ndinali panja ndikupala dzimbiri ndi sandipepa pamene anatulukira, foni ya mwana wa Msothoyo ili m'manja.

"Zakeyo, ichi n'chiyani?"

Aka kanali koyamba kunditchula dzina chifikireni. Ndinayamba kunena za ndalama za foni, za mayendedwe, koma sanadikire. Khofi lawo linandigwetsa pa ndowa imene ndinakhalira.

"Zaka zitatu! Ine ndikukoka ngolo ngati bulu, mwana wanga anasiya sukulu Fomu 2, iwe ukundiseka m'mimba! Unagona pa bulangete langa, iwe!"

Ndinadzuka n'kuwakankha. Anagwera pa malata, phokoso lake linamveka mzere wonse. Atadzuka anandigwira pakhosi n'kukuwa, poyamba m'Chichewa, "Wakuba iwe!" Kenako, kaya chifukwa cha ukali, kaya kuti anthu amve chimene ndinawachita, anabwereza mawu omwewo m'Chizulu: "Isela!"

Ku Dukathole mawu amenewo satuluka n'kubwerera. Mwezi umenewo anthu anali atabedwa kwambiri ndipo mitima inali m'mwamba. Ndinamva wina akukuwa "Vimba!", kutanthauza kuti mgwireni, ndipo ndisanatembenuke anthu anali atadzaza kanjira konse. Wina anasuzumira mu mkhukhu wanga n'kuona mafelemu asanu ndi anayi ali lendelende pa misomali. Umboni unakwana pomwepo. Palibe anafunsa kuti ndinawapeza bwanji.

Choyamba chinali chikoti kumsana. Kenako mwamuna wina anatenga foloko ya njinga pakhoma langa lomwe n'kundimenya nayo m'nthiti, ndinamva kuthyoka ngati nkhuni youma. Ndinagwa. Nsapato zinabwera mbali zonse, kumaso, m'mimba, kumachende. Chidutswa cha njerwa chinandipeza pa khutu lamanzere, dziko n'kukhala zii mbali imeneyo, ndipo mpaka lero silimva. M'kamwa munadzaza magazi ndi tizidutswa ta mano. Anandikoka mwendo kupita nane pa mtetete pomwe amatayira zinyalala. Ndi diso limodzi limene linali likuonabe ndinaona munthu akugubuduza teyala, wina akubwera ndi botolo la parafini.

Apo m'pamene a Gelesomu anadziponya pamwamba panga. Ndinamva kulemera kwawo ndi fungo la thukuta lawo. Ankakuwa m'Chizulu chawo chothyokathyoka kuti ndi nkhani ya pachibale, kuti ine ndi mng'ono wawo, kuti zitsulozo anatola okha m'zinyalala. Koma lilime lawo linangouza gululo kuti akuba ndi awiri, onse obwera. Chikoti chinawagwera iwo. Anandiphimba mutu ndi manja awo onse awiri, wawo uli pamtunda. Njerwa yathunthu imene inkabwerera ine inawapeza kuseri kwa khutu. Thupi lawo linangolefuka, magazi awo ofunda n'kumatsikira m'khosi mwanga.

Anatipulumutsa ndi MaNkosi, mayi wachizulu amene tinkachita lendi pamalo pake. Ankachokera ku tchalitchi, ali mu yunifolomu. Anadutsa pakati pa gululo, anaima motitangadza, n'kulanda botolo la parafini lija. Anawauza kuti anthu awa amawadziwa, amawaona tsiku lililonse akubwera ndi zinyalala za azungu, ndipo wofuna kuwatentha ayambe watentha iyeyo. Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Pamene apolisi ankafika, pamalopo panali patatsala ife atatu ndi teyala. Mafelemu onse anali atatengedwa. Ndikhulupirira kuti anakathera pa sikelo.

Ine ndinatuluka m'chipatala patatha masiku khumi, nthiti zitatu zothyoka, mano anayi palibe. A Gelesomu anakhalamo masabata asanu ndi awiri. Anatsitsimuka, koma mkono ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, ndipo mawu anali atapita. Ankayesa kuyankhula, pakamwa n'kumangotuluka mpweya ndi dovu. Maso okha ndiwo anatsala a Gelesomu akale. Ndikalowa mu wodi ankandiyang'ana osaphethira mpaka ine kuzolika.

Amalawi anzathu anasonkha, ine ndinagulitsa foni ndi zipangizo, ndipo tinakwera basi. Masiku atatu a ulendowo ndinkawabereka kumsana potsika pa chipata chilichonse, pa Beitbridge, pa Nyamapanda, mpaka pa Dedza, nthiti zikundibaya. Ndinkawamwetsa, ndinkawapititsa kuchimbudzi. Amayi ena m'basimo anati, "Koma bambo inu Mulungu akudalitseni, abale otere anatha." Ndinayang'ana pa windo.

Kumudzi anandilandira ngati ngwazi. Nkhani imene inkanenedwa inali yoti anthu a ku Joni anatiukira chifukwa ndife obwera, ndipo Zakeyo sanamusiye mnzake. Ku tchalitchi anandiimiritsa kutsogolo, mkulu wa mpingo n'kundiyerekeza ndi Msamariya. A Gelesomu anali pa mpando wa kumbuyo, akundiyang'ana.

Ndinapirira mwezi umodzi. Kenako ndinamuuza Esinati zonse tili kudimba. Anamvetsera khasu lili m'manja, ndipo nditamaliza anati, "Ndiye mukufuna mutani, bambo a Tadala? Tikasasule malata? Zimenezo zisiyeni momwemo." Anapitiriza kupalira.

Sindinathe kuzisiya. M'mawa mwake ndinapita kwa a Nabanda, akazi a a Gelesomu. Ndinawapeza akuwasambitsa amuna awo kumaso pakhonde. Ndinakhala pansi n'kuyamba kufotokoza za marandi 50, za felemu ya buluu, za chithunzi cha pa chitseko. Sanandidule, koma sanadabwenso. Anafinya kansalu, n'kukayanika pa nsungwi.

"Alamu, zimenezo tinazimva basi yanu isanafike n'komwe pa Dedza," anatero. "Amene ali ku Joni si inu nokha. Mudzi wonse ukudziwa. Akulu a mpingo akudziwa."

"Nanga bwanji palibe ananena?"

"Tinene kuti tipindule chiyani? Tikakutukwanani muthawira ku Lilongwe, ine n'kutsala ndekha ndi munthu wosayenda. Tinakambirana ndi abale awo kuti bola tikuyamikeni. Munthu woyamikiridwa pagulu sathawa." Anawapukuta a Gelesomu pakamwa. "Lachiwiri lililonse akufunika ku chipatala kukawongola mkonowu. Ine njinga sinditha. Mtsikana wathu akufuna kubwerera ku sukulu Januwale. Mwamva?"

"Ndamva."

Ku Joni anandiweruza ndi njerwa, mlandu n'kutha tsiku lomwelo. Kwathu palibe anakweza mawu, palibe anandiloza chala, ndipo mpaka lero anthu amandipatsa moni wa ulemu panjira, ena kundivulira chipewa. Ndinkayesa kuti kumudzi ndi kumene munthu amakabisala. Sindinkadziwa kuti anthu a kwathu anali atakhala kale pansi, kundiyeza, n'kugwirizana za mtengo wanga ine ndisanatsike basi.

Tsopano ndi chaka chachiwiri. Lachiwiri lililonse ndimafika kwa a Nabanda dzuwa likangotuluka, timawakweza a Gelesomu pa keliyala n'kuwamanga mwendo wakufawo ndi chitenje. Ndi makilomita khumi ndi anayi kupita, msewu wa mabampu. Amandigwira ndi mkono wamanzere, wamoyo uja, ndipo zala zawo zimakhala pa nthiti zomwe zinathyoka zija. Pena amafinya mpaka misozi kulengeza m'maso mwanga. Sindidziwa ngati amaopa kugwa kapena amachita dala, ndipo sindinawapemphepo kuti asunthe dzanjalo.