Tsiku Lomwe Lole Inazima pa Mlatho wa Ruo

Agogo anga aamuna, a Namakhwa, ankamvekabe fungo la dizilo ndi polishi wa nsapato ngakhale patapita zaka atasiya ukondakitala. Jekete lawo la kaki linkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, mabatani ali waliwali, ndipo m'mawa nkhungu ikamatsika m'phiri kudzaphimba minda ya tiyi, iwo ankaima pakhonde n'kulengeza kwa nkhuku ndi kwa ife zidzukulu, mawu akuchokera pansi pa mimba: "Passengers are kindly requested to remain seated until the omnibus has come to a complete halt."

Chingerezi chimenechi anachiloweza pa mabasi akale a msewu wa Limbe mpaka Muloza, ndipo sankalola kuchotsapo liwu ngakhale limodzi. Ine amene lero ndimadzitcha wowerenga, chifukwa cha mabuku othothoka zikuto ogula pamsika wa Limbuli, chiganizo chimenechi chimandipunthwitsabe lilime.

Agogo aakazi, a Elube, anachokera kutsidya kwa malire ndipo Chingerezi sankachimva. "Ndinakwera basi yawo ndi dengu la nanazi," ankatero akusenda chinangwa, "potsika munthu uyu akuti mind the step, madam. Kwathu anandiitanapo madamu ndani? Ine ndinatsika pa Limbuli, mtima unapitirira ndi basi."

A Elube anamwalirira kuchipatala ku Blantyre. Maliro tinakatenga pa lole, ndipo ine ndinapita nawo chifukwa maso a agogo aamuna anali atayamba chidima, phewa langa ndiye linali ndodo yawo. Anavala jekete lija. Kwathu maliro akakhala paulendo, wina amayenera kumawauza malemu pamene afika, makamaka powoloka mtsinje, kuti asatsalire m'njira. Ntchitoyi inali ya agogo. Koma tinadutsa Chonde, tinadutsa Chitakale, iwo ali duu, maso ali pa bokosi.

Pa mlatho wa Ruo lole inatsokomola n'kuzima. Dalaivala analowa kunsi, n'kutuluka manja ali bii, akupukusa mutu. Dzuwa linali litapendeka, kumudzi manda anali atakumbidwa kale, ndipo manda sagona chitsegukire. Amayi amene tinali nawo pa lole anasiya kuimba.

"Alamu," anatero mng'ono wa malemu, "mwakhala naye zaka zonsezi, lero mukumuyendetsa ngati thumba la chimanga? Sakudziwa pamene ali. Muuzeni."

"Ndimuuze chiyani?"

"Zomwe munkamuuza zija. Ngakhale ifeyo tisamve, iye ankamva."

Agogo anagwira phewa langa n'kuimirira. Anamanga mabatani mpaka pakhosi, anawongola chipewa, natembenukira ku bokosi. Mawu anatuluka athunthu, kuposa mkokomo wa madzi pansi pa mlatho: "Ruo Bridge. Passengers for Limbuli will kindly remain seated." Kenako motsitsa, m'Chilomwe, anawonjezera kuti tatsala pang'ono, mayi.

Dalaivala anayesanso kiyi. Lole inalira.

Ndawerengapo za mapaipi a dizilo otsekeka ndi zinyalala, ndipo mutandigulira tiyi ndikhoza kukufotokozerani mpaka mutatopa. Koma ine ndinali pomwepo, dzanja lawo lili paphewa langa. Njira yonse yotsalayo sanakhalenso pansi. Analengeza siteji iliyonse, ngakhale ya pamtengo wa mango pomwe basi inkaima pokhapokha mayi wina akabayibitsa ndi chitenje. Titafika pakhomo, anyamata akutsitsa bokosi mosamala, anavula chipewa n'kuwerama pang'ono.

"Mind the step, madam."

Masiku ano ndimakwera minibasi, kondakitala akumenya chitseko n'kumatiuza kuti tifinyane anayianayi, wotsika adumphe galimoto ikuyenda. Sindidandaula. Koma tikamayandikira Ruo ndimangopezeka ndawongola msana, manja pamaondo ngati mwana wa sukulu, anzanga n'kumandiyang'ana ngati ndadwala. Pamlatho umenewu munthu wina anatipempha mwaulemu kuti tikhale chikhalire, ndipo ine ndimamverabe.