Bedi la m'masitepe a tchalitchi

Masitepe a pakhomo la tchalitchi chathu ku Chimwemwe, mu Kitwe, ndinamanga ndine. Alipo asanu. Papita zaka zoposa makumi awiri.

Chaka chatha anayamba kugumuka. Simenti inkachoka m'mphepete, madzi ofiira n'kumatsika pansi. Mayi wina wa chigwirizano anapunthwa, nsapato inatsala m'ming'alu. Akulu a mpingo anandiitana.

Mkulu wina anati ndi chisanu cha mu Juni. Mwana wake wokhala kunja kwa dziko anamuuza choncho pafoni, kuti madzi akaundana amaswa konkire. Ndinati chisanu cha ku Kitwe chimaswa milomo ndi zidendene, osati simenti. Ndi dzimbiri. Madzi akalowa, chitsulo chimatupa, n'kukankha simenti kuchokera m'kati.

"Ndiye anaikamo zitsulo zanji?" anafunsa.

"Zitsulo," ndinatero.

Ndinkazidziwa bwino. Tsiku lothira masitepe amenewo zitsulo zinatha, simenti ili yosakaniza kale pansi. Simenti sidikira munthu. Kunyumba kunali bedi la akazi anga, lothyoka mwendo, litatsamira kuseri kudikira wowotcherera. Anawapangira ndi atate awo ku mgodi pa ukwati wathu. Kumutu kwake anapinda chitsulo ngati nkhono. Akazi anga anali kumudzi ku Katete, ku maliro. Ndinathamanga ndi sowo, ndinalidula, linalowa m'masitepe lonse.

Atabwera anafunsa bedi. Ndinati sindikudziwa.

Sabata yomweyo mlongo wanga, amene ankatisungira ana, anali atasamukira ku Chifubu, ku Ndola, ndi katundu wake pa lole. Akazi anga anawerengera okha kuti bedi linapita naye. Sindinawathandize, sindinawaletse. Kuyambira pamenepo awiriwo sanadyerenso mbale imodzi. Pa maliro ankakhala wina uku, wina uko. Ine ndinkati mawa ndinena.

Ntchito ndinayamba Lolemba m'mawa, ndekha. Ndinakana wondithandiza. Umagogoda ndi nyundo: pomveka ngati ng'oma pavunda, umaswa mpaka upeze polimba. Sitepe loyamba linatulutsa miyendo. Sitepe lachiwiri, nthiti za m'mbali. Zinali zitadyeka, zina zopyapyala ngati chivindikiro cha chitini. Cholakwa chinali changa kawiri: zitsulo za bedi n'zamphako, zimasunga madzi, komanso ndinaziika pafupi kwambiri ndi pamwamba. Pamafunika simenti ya zala ziwiri kapena zitatu pamwamba pa chitsulo. Ine ndinaika chala chimodzi.

Nkhono ija inatuluka m'sitepe lachinayi. Yokhayo inali yolimba. Apongozi ankadziwa ntchito.

Ndinaiponya pansi pa mulu wa zidutswa za konkire, ndinakwirira. Kenaka ndinapala ndi burashi ya waya, kutsuka fumbi, kumanga zitsulo zatsopano, kukhoma matabwa. Ndinanyowetsa konkire yakale, kupaka phala la simenti kuti yatsopano igwire, n'kuthira. Sitepe lililonse ndinalipendeketsa pang'ono kuti madzi asamagonepo. Ndinamaliza tsiku Lachinayi.

Chimene ndinaiwala n'chakuti konkire imafuna kuthiriridwa masiku asanu ndi awiri, ndipo madzi a pa tchalitchi amatunga ndi amayi a chigwirizano. Akazi anga ndi amene amawatsogolera. Sangaone mulu wa zinyalala pakhomo la Mulungu n'kuusiya.

Lachisanu ndinawapeza ataima pambali, tsache pansi, nkhono ili m'manja. Ankaipukuta ndi nsonga ya chitenje. Anzawo ankathira madzi pa masaka ofunditsa masitepe, akucheza m'Chibemba.

"Atate, bwerani kuno."

Ndinabwera.

"Ichi n'chiyani?"

"Chitsulo."

"Ndaona kuti si mbatata. Chachokera kuti?"

"M'sitepe lachinayi."

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuponda bedi langa popita kukapemphera?"

"Lamlungu lokha," ndinatero. "Ndi Lachisanu."

Sanaseke. Sanakalipenso. Anakulunga chitsulocho, n'kunena kuti mawa ndivale jekete.

Loweruka tinakwera basi ya ku Ndola. Njira yonse chitsulo chinali pamiyendo pawo. Kondakitala anafuna kuchiika kumbuyo, akazi anga anangomuyang'ana, iye anasiya.

Mlongo wanga tinamupeza akuchapa. Wakalamba, imvi mbuu. Anaimirira thovu lili m'manja. Akazi anga anagwada pansi, anamasula chitenje.

"Alamu, ndabwera ndi wakuba. Si inu. Ndi uyu."

Mlongo wanga anayang'ana chitsulo, anayang'ana ine.

"Ndinakuonani pawindo mukudula, achimwene. Ndimadikira kuti munene nokha."

"Ndimati mawa."

"Mawa lanu n'lalitali."

Anawadzutsa alamu ake, anagwirana manja, analowa m'nyumba. Chitseko anatseka. Ine palibe anandiitana. M'katimo ndinamva kulira, kenaka kuseka, kenaka dzina langa kangapo.

Ndinakhala pa sitepe la pakhonde. Linali ndi mng'alu kuchokera pakona mpaka pakati. Ndinagogoda ndi mwala, linamveka ngati ng'oma.

Loweruka lotsatira ndinabwereranso ku Chifubu ndi nyundo ndi thumba la simenti. Zitsulo ndinagula kusitolo. Akazi anga anapita nane kukaona ndi maso awo.