Sari Imene Ndinadula ku Wanki

Ndinali telala pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Wanki, masiku amenewo fumbi la malasha likudetsa ngakhale kolala ya m'busa. Makina anali anga, khonde linali lake. Khonde limenelo ndilo linali munda wanga: anyamata a mumgodi akabwera kuchokera kukomboni ya Madumabisa, ankagula nsalu mkati n'kutulukira pa ine. Kundichotsa pamenepo kunali kutigoneka ndi njala, ine ndi ana anga anayi.

Bwanayo anali ndi mwana wamkazi amene anali atangomaliza sukulu ku Bulawayo. Mtsikana wochangamuka, pakamwa posatseka! Tsiku lina anandibweretsera nsalu yobiriwira, yoterera, ya m'mphepete mwagolide, pamodzi ndi chithunzi chong'amba m'magazini: dona atavala diresi lothina m'chiuno, lolekeza m'mawondo.

"Baba telala, lofanana ndi ili. Pofika Lachisanu likhale litatha."

Ine kunyada kwake! Ndinali nditatopa ndi zigamba za maovololo. Sindinafunse n'komwe kuti nsalu yaitali chotere yachokera kuti. Ndinangoyala, choko, kenako sizasi khwee! Akazi akwathu chitenje amadula mmene afunira. Nanga ine ndikanadziwa bwanji kuti kwa Amwenye sari sigundidwa ndi sizasi, amangoikulunga m'thupi yathunthu?

Abale inu, si inali sari ya mayi ake a bwana! Anabwera nayo pasitima yapamadzi kuchokera ku India ali mtsikana, n'kuisunga m'bokosi zaka zonsezo. Ankafuna mdzukulu wawo aivale Loweruka, pakuti kunkabwera alendo ochokera ku Bulawayo kudzamuona. Mwambo wawo ndi wotero: makolo a mnyamata amakhala pansi, mtsikana n'kuwabweretsera tiyi, iwo n'kumamuyang'ana ngati angakhale mpongozi.

Lachisanu masana mtsikana anatulukira m'sitolo atavala diresi langa, mawondo poyera. Linamukhala, ndisaname. Bwana anagwetsa ndowa imene ankaonetsa kasitomala, n'kuthamangira kwa ine.

"Hamba! Nyamula makina ako lero lomwe!"

Nanenso magazi anandikwera. "Bwana, wodula ndine, inde. Koma nsaluyi inayenda yokha kubwera pakhonde pano?"

Mtsikana naye osaopa. "Atate, alendowo akudzaona ine kapena nsalu?"

Bwana anatembenukiranso kwa ine. Wokalipiridwa ndinali ine ndekha, poti telala alibe womuikira kumbuyo. Ndinayamba kumasula lamba wa makina, ndikuganiza chokawauza amayi a kunyumba.

Pamenepo gogo uja, mwini sari, anatulukira, kamunthu kakang'ono kovala zoyera zokhazokha monga amachitira amasiye awo. Sanakuwe. Anagwira diresi lili m'thupi mwa mdzukulu wake, n'kupinda mpendero, kuyang'ana msoko, kuukoka. Msokowo sunamasuke. Kenako anandiloza mpando, n'kulankhula Chilapalapa chake chothyokathyoka, chilankhulo cha kumigodi chija.

"Nsalu yafa. Koma mawondo poyera aikona, ayi. Khala, soka."

Bwana anafuna kutsegula pakamwa, mayi ake anangomuyang'ana, iye n'kubwerera kukatola ndowa yake. Lamba ndinamubwezera pamakina msangamsanga, asanasinthe maganizo.

Masana onsewo gogo anakhala pambali panga pa kabokosi ka sopo, kundilozera ndi chala. Ndinalumikiza zotsala zonse mpaka diresi linafika m'akakolo, golide ali kumunsi. Silinali sari, silinali la m'magazini, koma mtsikana anazungulira nalo kawiri, kuseka. Loweruka anapereka nalo tiyi, ndipo ukwati unachitika chaka chomwecho.

Koma chimene chimandipwetekabe n'cha Lachisanu lija. Nditamaliza kusoka ndinatenga tsache kuti ndisese tinyenyeswa. Gogo anandigwira dzanja. Anagwada yekha pasimenti, n'kutola kansalu kalikonse, ngakhale kochepa ngati chikhadabo, kupukuta fumbi la malasha, n'kumanga pangodya ya chovala chake. Ndinachita manyazi kwambiri, ndinangoima chilili tsache lili m'manja.